Chifukwa chake chitseko chimakana kutseka m'dzinja

Mvula ikakhazikika mu Januwale, akalipentala amaitanidwa kukapala zitseko zimene zayamba kukana kutseka. Pofika Okutobala, zitseko zomwezo zimasiya mpata wolowera fumbi. Chimene chimachitika n'chakuti thabwa, ngakhale linadulidwa kalekale, limamwabe chinyezi cha mumpweya n'kuchitulutsanso kukauma.

Mtengo uli ndi maselo ataliatali, obowoka m'kati, ogona motsata thunthu ngati mtolo wa bango. Madzi ena amakhala m'mphako ya selo, ena amalowerera m'khoma lake. Thabwa likamauma, amayamba kuchoka ndi a m'mphako, ndipo pamenepa limangopepuka, msinkhu osasintha. Kufota kumayamba chinyezi chikatsika kufika pafupifupi 30 peresenti, malire amene Harry Tiemann wa ku America anawafotokoza mu 1906.

Nkhani yonse yagona m'khomamo. Muli timaulusi ta cellulose, ndipo tambiri tinayalidwa motsata utali wa selo. Madzi akalowa pakati pake amatikankhira m'mbali, khoma n'kutupa. Akachoka, timaulusi timayandikananso. N'chifukwa chake thabwa limasintha m'lifupi, koma m'litali limafupika ndi 0.1 kapena 0.2 peresenti basi.

M'lifupimo namonso simufanana. Motsata mizere yozungulira imene imaoneka pachitsa, mitengo yambiri imafota ndi 6 mpaka 10 peresenti ikauma kotheratu, pamene kuchokera pamtima kupita kukhungwa ndi pafupifupi theka lake. Kusiyanaku n'kumene kumapinda thabwa. Kumapeto kwa thabwa, kumene maselo ali pululu, madzi amathawa msanga kuposa pakati, ndiye kumang'aluka.

Mlombwa umakondedwa pa mipando chifukwa umafota pang'ono kwambiri. Bulugama ndi wovuta: akauma mofulumira, maselo ake ena amaphwafuka, thabwa n'kukhala lamakwinya.

Chimandidetsa nkhawa n'chakuti matabwa ambiri amagulidwa akadali aawisi, mawa lake ali kale padenga kapena pachitseko. Vanishi ndi penti zimangochedwetsa chinyezi, sizichitsekereza. Ogula matabwa a paini kapena bulugama, ayanikeni pamthunzi podutsa mphepo, muike timitengo pakati pa thabwa ndi thabwa. Ndipo chitseko chikatupa m'dzinja, palani pang'ono pokha, chifukwa m'chilimwe chidzafotanso chokha.