Kodi Mumadziwa? Sitima Zimene Nkhondo Inamiza

Kodi mumadziwa kuti Titanic, imene imatchulidwa pakamwa paliponse, siyo sitima yomwe inamira ndi anthu ambiri koposa? Iyo inapita ndi anthu pafupifupi 1,500 mu 1912, kunja kuli bata. Usiku wa pa 30 Januwale 1945, sitima ya ku Germany yotchedwa Wilhelm Gustloff inamira m'nyanja ya Baltic ndi anthu pafupifupi 9,000. Anaipanga kuti izinyamula anthu osakwana 2,000, koma usiku umenewo munathithikana anthu oposa 10,000, ambiri a iwo amayi ndi ana othawa asilikali a Soviet Union. Sitima yoyenda pansi pa madzi ya Soviet Union, S-13, inaiphulitsa ndi mabomba atatu. Dzina la Wilhelm Gustloff silinamveke patali. Mu 1945 dziko linalibe misozi yotsalira Majeremani.

Kodi mumadziwa kuti sitima ina inamira pankhondo popanda mdani kuombera ngakhale chipolopolo chimodzi? Imeneyi ndi Mendi, yomwe inanyamuka ku Cape Town mu Januwale 1917 ndi amuna akuda oposa 800 a ku South Africa. Mfuti sanawapatse. Ankapita ku France kukatsitsa katundu m'madoko, kukadula mitengo ndi kukonza misewu kuti azungu apeze mpata womenyana. Mbandakucha wa pa 21 Febuluwale, kuli chifunga cha mnanu pafupi ndi chilumba cha Isle of Wight, sitima yamalonda ya Darro, ya Angerezi omwewo, inathamangira m'nthiti mwa Mendi. Darro inali yaikulu kuposa kuwirikiza kawiri, ndipo inkathamanga osaliza chenjezo lililonse m'chifungamo. Mendi inamira pasanathe theka la ola, m'madzi ozizira koopsa, ndipo anthu 646 anafa, 607 mwa iwo akuda.

Chopweteka ndi ichi: Darro inaima chapafupi koma sinatsitse ngakhale bwato limodzi lopulumutsira anthu. Kaputeni wake, Henry Stump, chilango chake chinali kumulanda chiphaso cha ntchito kwa chaka chimodzi basi. Amuna akuda amene anapulumuka, pamodzi ndi anzawo a m'gulu lomwelo ochokera ku South Africa, sanalandire mendulo yankhondo, chifukwa boma lawo linakana. Lero mendulo yaulemu ya anthu olimba mtima ku South Africa imatchedwa dzina la Mendi, ndipo belu la sitimayo linabwezedwa mu 2018, pamene Theresa May analipereka kwa Cyril Ramaphosa. Zaka 101 zinali zitadutsa.

Nanga za Khedive Ismail munazimvapo? Inanyamuka ku Mombasa mu Febuluwale 1944 kulowera ku Colombo, njira yomweyo imene asilikali a KAR ochokera ku Nyasaland ndi maiko oyandikana nawo ankadutsa popita kunkhondo ya ku Burma. Munali anthu 1,511, ndipo 996 mwa iwo anali a gulu la mizinga la East Africa. Pa 12 Febuluwale, pafupi ndi zilumba za Maldives, sitima yapansi pa madzi ya Japan, I-27, inaiponyera mabomba awiri. Sitimayo inamira pasanathe mphindi zitatu. Kenako I-27 inakabisala pansi pa anthu amene ankasambira, ndipo sitima yankhondo ya Britain, Petard, inaponya mabomba ake pomwepo, anthu ali m'madzi. Lamulo linali lakuti mdani ayambe wafa, kupulumutsa kubwere pambuyo. Anafa pafupifupi 1,300, kuphatikizapo amayi 77, ambiri a iwo anamwino. I-27 nayo inamizidwa tsiku lomwelo.

Kodi mumadziwa kuti Winston Churchill analetsa manyuzipepala kulemba za kumira kwa Lancastria? Ndege za Germany zinaiphulitsa pa 17 Juni 1940 pafupi ndi doko la Saint-Nazaire ku France, itadzaza ndi asilikali othawa. Anafa ndi osachepera 3,500. Churchill anaona kuti nkhani zoipa za sabata imeneyo zakwana.

Kodi mumadziwa kuti kumayambiriro kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, malinyero wa sitima yamalonda ya Britain ankasiya kulandira malipiro tsiku lomwe sitima yake yamira? Eni sitima ankati ntchito yathera pomwepo. Masiku onse amene munthu wakhala m'bwato lopulumukira, akumwa madzi amvula, ankawerengedwa ngati masiku osagwira ntchito. Zili ngati bwana kukudula malipiro chifukwa fakitale yapsa iwe uli mkati. Lamuloli linasintha mu Meyi 1941. Pamene nkhondo inkatha, amalinyero a sitima zamalonda za Britain oposa 30,000 anali atafa, ndipo ambiri sanali Angerezi nkomwe: munali Amwenye, Atchaina, Asomali, Aluya ndi a ku West Africa. Pa nyanja ya Atlantic, sitima zamalonda pafupifupi 3,500 zinamira. Germany nayo inataya sitima zapansi pa madzi 783.

Mmodzi wa amalinyerowo anali Poon Lim, Mtchaina woperekera zakudya m'sitima ya Benlomond, imene inaphulitsidwa mu Novembala 1942 ikuchokera ku Cape Town. Anakhala yekha pa matabwa oyandama masiku 133, akuwedza nsomba ndi mbedza yopanga ndi waya wa tochi, mpaka asodzi anamupeza kugombe la Brazil. Anatsika akutha kuyenda yekha.

Kodi mumadziwa kuti kaputeni wina wa Germany anayesa kupulumutsa anthu amene iye mwini anawamiza? Pa 12 Sepitembala 1942, Werner Hartenstein wa sitima yapansi pa madzi ya U-156 anaphulitsa Laconia kumadzulo kwa Africa, kenako n'kuzindikira kuti munali akaidi a ku Italy pafupifupi 1,800, abwenzi a Germany pankhondoyo, komanso amayi ndi ana. Anatulukira pamwamba, n'kuyamba kutola anthu mosasankha, ndipo anaulutsa uthenga m'Chingerezi wakuti sadzaombera sitima iliyonse yobwera kudzathandiza. Anayala mbendera ya Red Cross, akukoka mabwato odzaza anthu. Patatha masiku anayi, ndege ya America inabwera n'kumuponyera mabomba. Mkulu wa Hartenstein, Karl Dönitz, anakwiya n'kulamula kuti kuyambira pamenepo palibenso kupulumutsa munthu.

Zotsatira za lamulolo zinaonekera pafupi ndi kwathu kuno. Pa 28 Novembala chaka chomwecho, U-177 inamiza Nova Scotia kugombe la Natal, ilinso ndi akaidi a ku Italy opita ku Durban. Kaputeni anamva Chitaliyana m'madzi, anatolapo anthu awiri, n'kupita. Sitima ya Apwitikizi, Afonso de Albuquerque, inachoka ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, n'kufika tsiku lotsatira. Inapeza amoyo osakwana 200. Enawo, 858, anamira kapena kudyedwa ndi nsomba zolusa za shaki.

Mwachidule izi. Sitima yankhondo yonyaditsa Britain, Hood, inaphulika pa 24 Meyi 1941 ndi amuna 1,418, anapulumuka atatu. Bismarck ya Germany, imene inaimiza, inakhala ndi moyo masiku atatu okha pambuyo pake. Indianapolis ya America inamizidwa mu Julayi 1945 itangotula zipangizo za bomba la atomiki lomwe linakagwa ku Hiroshima, ndipo kwa masiku anayi palibe amene anazindikira kuti yasowa. Mwa amuna pafupifupi 1,200 anatsala 316. General Belgrano ya Argentina, yomwe Britain inamiza mu 1982 pankhondo ya Falklands, inapulumuka pa Pearl Harbor mu 1941 ili m'manja mwa America ndi dzina la Phoenix.

Kodi mumadziwa kuti sitima ikhoza kumira mfuti zake n'kupitiriza nkhondo? Königsberg ya Germany, itamiza Pegasus ya Britain pa Zanzibar mu Sepitembala 1914, inakabisala m'matsiriro a mtsinje wa Rufiji, ku Tanzania wa lero. Angerezi anaiwononga mu Julayi 1915, koma Majeremani anazula mizinga yake khumi, n'kuiika pa mateyala, ndipo asilikali a Paul von Lettow-Vorbeck anaigwiritsa ntchito pamtunda. Pa nyanja ya Tanganyika, Majeremani anamiza dala sitima yawo ya Graf von Götzen mu 1916 pafupi ndi Kigoma. Angerezi anaivuula nkhondo itatha, ndipo ndiyo Liemba, imene kwa zaka zambiri inkanyamula anthu ndi katundu mpaka ku Mpulungu ku Zambia.

Ndipo tisaiwale nyanja yathu. Mu Ogasiti 1914, nkhondo itangoyamba, Kaputeni Rhoades wa sitima ya Angerezi ya Guendolen anawoloka kupita ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli, n'kuombera Hermann von Wissmann ya Majeremani ili pamtunda pomwe ankaikonza. Kaputeni wa sitima ya Majeremaniyo, Berndt, anali mnzake wa Rhoades womwa naye, ndipo sankadziwa kuti nkhondo yayamba. Nkhani imati anapalasa bwato mokwiya kukafunsa ngati mnzakeyo waledzera, n'kungogwidwa ukaidi. Anthu ambiri amati kumeneku ndiko kupambana koyamba kwa Britain pamadzi m'nkhondo imeneyo. Mzinga wa Guendolen uli pa Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi.

Kodi mumadziwa kuti za pansi pa nyanja zimavuulidwa ngati zili ndi mtengo? Gairsoppa inamizidwa mu Febuluwale 1941 ikuchokera ku India. Mu 2012 ndi 2013, kampani ya ku America ya Odyssey inatulutsamo siliva wolemera matani oposa 100 kuchokera pa kuya kwa mamita pafupifupi 4,700, kozama kuposa pomwe pali Titanic.

Koma ina palibe amene amafuna kuikhudza. Richard Montgomery, sitima ya America yonyamula mabomba, inatitimira pa mchenga n'kuthyoka pakati mu 1944 m'matsiriro a mtsinje wa Thames, pafupi ndi tauni ya Sheerness. Mkati mwake mudakali zophulika zolemera matani pafupifupi 1,400. Boma la Britain limaiyeza kawirikawiri kuti lione mmene dzimbiri layidyera, ndipo sitima iliyonse ndi yoletsedwa kuyandikira pamalopo.