Kuwodzera kobwera ndi mankhwala a khunyu

Kuwodzera kobwera ndi mankhwala a khunyu ndi vuto limene munthu womwa mankhwala oletsa kukomoka amamva tulo masana, kulefuka ndi kulemera kwa mutu. Nthawi zambiri vutoli limachepa thupi likazolowera mankhwala, koma kuopsa kwake n'kwakuti odwala ena amasiya mankhwala paokha, ndipo matenda amabwerera mwamphamvu. M'chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, nkhaniyi ndi yofunika chifukwa anthu ambiri amapeza chakudya kudzera m'ntchito za pamadzi, pamoto, m'minda ya nzimbe ndi pamsewu, malo amene kusinza pang'ono kungadzetse ngozi.

Khunyu ndi mankhwala ake

Khunyu, lomwe ena amati matenda akugwa, limayamba pamene timitsempha ta mu ubongo tatumiza mauthenga ochuluka nthawi imodzi. Si matenda opatsirana. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo 7 mwa anthu 10 alionse akhoza kusiya kugwa atalandira chithandizo choyenera. Chimodzi mwa zoyambitsa matendawa ndi malungo a mu ubongo. Kafukufuku wochitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe anasindikizidwa mu 2010, anapeza kuti ana 12 mwa ana 132 amene anachira malungo otere anadzadwala khunyu. Chigwa cha Shire ndi limodzi mwa madera amene malungo amavuta kwambiri m'Malawi.

Mankhwala odziwika m'zipatala za m'Malawi ndi phenobarbitone, carbamazepine, phenytoin ndi sodium valproate. Odwala a m'chigwa amathandizidwa m'zipatala zazing'ono, m'zipatala za boma za Chikwawa ndi Nsanje, ndi m'zipatala za mishoni monga St Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona. Ofunika thandizo lapadera amatumizidwa ku Blantyre.

Chifukwa chake mankhwalawa amagonetsa

Mankhwala a khunyu amagwira ntchito pofatsitsa ubongo, ndipo mphamvu yomweyo ndi imene imabweretsa tulo. Phenobarbitone poyamba anali mankhwala ogonetsa. Mu 1912 dokotala wa ku Germany, Alfred Hauptmann, anaona kuti odwala khunyu amene ankawapatsa mankhwalawa kuti agone anayamba kugwa mocheperapo. Phenytoin anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1938, Houston Merritt ndi Tracy Putnam a ku Boston atafufuza mankhwala oletsa kukomoka osagonetsa kwambiri.

Phenobarbitone amakhalitsa m'thupi. Kwa munthu wamkulu pamatenga masiku atatu kufika asanu kuti theka la mankhwala lichoke m'magazi, choncho mlingo wake umakhazikika pakatha masabata awiri kapena atatu. Apa m'pamene tulo timavuta kwambiri, kenako timachepa. Kwa ana ena mankhwalawa amachita zosiyana: mwana amakhala wosakhazikika ndiponso wokwiya msanga. Carbamazepine amabweretsa chizungulire ndi kuona zinthu ziwiriziwiri m'masabata oyamba, mpaka chiwindi chitazolowera kuwasungunula. Phenytoin akawonjezeredwa ngakhale pang'ono akhoza kuchuluka kwambiri m'magazi, ndipo munthu amadzandira ngati woledzera. Sodium valproate akaphatikizidwa ndi phenobarbitone amachititsa kuti phenobarbitone achuluke m'magazi.

Zinthu zowonjezera tulo

Si tulo tonse timene timachokera ku mankhwala. Munthu akangokomoka amagona kapena kusokonezeka mutu kwa kanthawi, ndipo amene amagwa usiku ali m'tulo amadzuka wotopa osadziwa chifukwa. Malungo, kuchepa kwa magazi ndi njala nazo zimafooketsa. M'miyezi ya October ndi November kutentha ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40, anthu sagona bwino usiku, ndipo thupi limataya madzi ambiri.

Mowa uliwonse, kaya kachasu kapena masese, umawonjezera tulo ndipo ukasakanikirana ndi phenobarbitone ungachepetse kupuma. Mankhwala a chimfine ndi ziwengo monga Piriton ndi promethazine, komanso diazepam ndi codeine, amagonetsa. Isoniazid, mmodzi mwa mankhwala a TB, amachulukitsa phenytoin ndi carbamazepine m'magazi.

Njira zochepetsera vutoli

Madokotala amayamba ndi mlingo wochepa n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Phenobarbitone amamwedwa kamodzi patsiku, nthawi yogona, kuti mphamvu yake yaikulu ithere m'tulo ta usiku. Pa mankhwala omwa kawiri patsiku, dokotala akhoza kukonza kuti gawo lalikulu lizimwedwa madzulo. Ngati tulo sitikuchepa pakatha mwezi, iye angachepetse mlingo kapena kusintha mankhwala. Kusinthaku kumachitika mwapang'onopang'ono, mankhwala atsopano akulowa pamene akale akutsika.

Wodwala amalangizidwa kumwa mankhwala pa nthawi yofanana tsiku lililonse, kugona ndi kudzuka nthawi imodzimodzi, kumwa madzi okwanira ndi kusagwira ntchito ndi njala. Kusowa tulo usiku, monga pa mchezo wa maliro kapena pa ntchito ya usiku, kumawonjezera kuwodzera masana ndiponso kumayambitsa kugwa. Kugona pang'ono masana dzuwa likatentha kumathandiza, bola kusatalike mpaka kulanda tulo ta usiku. Tiyi wochuluka madzulo amabwezera vuto m'malo molithetsa. Ndi bwino kuti wodwala kapena womusamalira azilemba masiku amene wagwa ndi nthawi imene tulo timamupeza, n'kupita nazo kuchipatala pamodzi ndi buku lake la kuchipatala.

Kusukulu, mwana wowodzera m'kalasi amatengedwa ngati waulesi. Makolo akafotokozera aphunzitsi, mwanayo angakhale kutsogolo ndi kuthandizidwa m'malo molangidwa.

Chitetezo pa ntchito

Munthu amene akuwodzera kapena amene kugwa sikunathe sayenera kupalasa bwato kapena kuwedza yekha mu Shire ndi m'dambo la Elephant Marsh, ndipo asasambe kapena kuchapa kumtsinje popanda mnzake. Pophika, moto ukhale wotchingidwa ndipo pakhale munthu wina pafupi, chifukwa kupsa ndi imodzi mwa ngozi zofala kwa odwala khunyu. Kukwera m'mitengo ndi padenga, kuyendetsa galimoto, njinga yamoto kapena kabaza, ndi kugwira ntchito pa makina a fakitale ziyenera kudikira mpaka dokotala atavomereza. Ntchito ya zikwanje m'munda ndi bwino kuigwira m'mamawa ndiponso pagulu.

Kuopsa kosiya mankhwala

Kusiya mankhwala mwadzidzidzi, makamaka phenobarbitone, kungayambitse kukomoka kotsatizana kosalekeza komwe kungaphe. Kudumpha masiku sikuthandizanso, chifukwa munthu akayambiranso tulo timabwerera ngati poyamba. Amene waiwala kumwa asamwe mapiritsi owirikiza kuti abwezere.

M'chigwa cha Shire mankhwala amadukizanso chifukwa cha madzi osefukira. Mu January 2015, pa namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, misewu inaduka ndipo mabanja ambiri anasamukira m'misasa, makamaka ochokera kutsidya la kum'mawa kwa Shire monga ku Makhanga. Choncho nyengo ya mvula ikayandikira, wodwala asadikire kuti mapiritsi athe. Mankhwala ndi buku la kuchipatala zisungidwe m'pulasitiki, pamalo osavuta kutenga koma pomwe ana sangafike.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala

Wodwala apite naye kuchipatala msanga ngati akuvuta kudzutsa, akupuma pang'onopang'ono, akudzandira, akulankhula mosamveka kapena akusanza kosalekeza. Zidzolo zobwera ndi kutentha thupi kapena zilonda m'kamwa, chikasu m'maso, ndi kukomoka kopitirira mphindi 5 ndi zizindikiro zoopsa. Mwana amene wameza mapiritsi a munthu wina afunika thandizo nthawi yomweyo, ngakhale akuoneka bwino.

Wodwala auze dokotala za mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo azitsamba. Phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin amachepetsa mphamvu ya ma ARV okhala ndi dolutegravir, mapiritsi olera ndi njira yolera ya pamkono. Sodium valproate angavulaze mwana wosabadwa, choncho mayi woyembekezera kapena wofuna kutenga pakati akambirane ndi dokotala, koma asasiye mankhwala payekha.