KODI MAPOINTSI OKHA NDIWO ATSEGULA KHOMO LA KU YUNIVESITE?

Chaka ndi chaka, pamene maina a osankhidwira ku mayunivesite a Boma atuluka, aphunzitsi a ku Mchinji, kuyambira pa Boma mpaka ku Kapiri ndi ku Mkanda, alandira makolo amene afunsa funso limodzimodzi: mwana wanga adakhoza bwino, nanga dzina lake lili kuti? Funso limeneli liyenera kuyankhidwa mosabisa, pakuti kholo limene lidagulitsa mtedza ndi fodya kuti lilipire sukulu silikhutira ndi mau akuti "ndi mwayi".

Tiyambe ndi kawerengedwe kake. Pa mayeso a MSCE, amene alembetsa a bungwe la MANEB, phunziro lililonse lipatsidwa nambala kuyambira 1 kufikira 9. Nambala 1 ndi 2 ndiko kupambana koposa, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Tsono aphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino, kotero kuti wopeza mapointsi 6 ndiye katswiri. Wofuna malo ku yunivesite ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Koma zimenezi zingomufikitsa pakhomo, pakuti ofika pamenepo achuluka kuposa mipando. Ndiponso a bungwe la NCHE, amene ayendetsa kasankhidwe, sayang'ana chiwerengero chokha. Wofuna za udokotala ku KUHeS amuyesa ndi maphunziro a sayansi, wofuna za uinjiniya ku MUBAS amuyesa ndi masamu. Mwana wa mapointsi 12 amene wasankha maphunziro olimbiranidwa okhaokha akhoza kutsala, mnzake wa mapointsi 18 nalowa. Apa mlandu wina uli pa ife aphunzitsi, amene tisiya ana adzaze okha mafomu monga ngati alemba kalata ya kwa malume.

Dziko lathu lidayesapo njira ina. Yunivesite ya Malawi itakhazikitsidwa mu 1964, malo adali ochepa ndithu, ndipo mu 1987 Boma lidayamba kugawa malowo potsata maboma kumene ophunzira achokera. Bwalo Lalikulu lidakana njirayo mu 1993, koma idabweranso mu 2009 m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, boma lililonse likulandira malo khumi otsimikizika, mpaka pamene idathetsedwa mu 2020. Cholinga chidanenedwa kuti ndi kuthandiza maboma otsalira, koma anthu a ku Mpoto adadandaula kwambiri poona ana ao okhoza bwino akusiyidwa.

Ife a kumalire tidaona chilema china cha njirayo. Kodi kwao kwa munthu ndi kuti? Pakati pa Mchinji ndi Chipata, malo amene akuluakulu akumbukira kuti ankatchedwa Fort Manning ndi Fort Jameson, mbumba imodzi ikhala mbali zonse ziwiri za Mwami, ndipo mwa mwambo wa Achewa mwana awerengedwa kwa amai ake. Kuwonjezera apo, mwana wa kalaliki amene adabadwira ndi kuphunzira ku Lilongwe ankatha kulemba kuti kwao ndi ku Mchinji, natenga malo a bomalo, pamene mwana wokulira m'mudzi momwemo adatsala akuweta mbuzi. Njirayo idafunsa za mudzi wa makolo, koma siidafunse za sukulu imene mwana adaphunzirako.

Ndipo nkhani yaikulu ili pomwepo. Kusankhana kuyamba kale pa Sitandade 8, pamene ena apita ku sukulu zogonera konko, monga Ludzi Girls, ndipo ochuluka apita ku sukulu zoyendera za CDSS, zimene zidachokera ku malo ophunzirira pa makalata mu 1998. Msungwana wa ku sukulu yoyendera adzuka mbandakucha, natunga madzi, nayenda mtunda wautali, ndipo kawirikawiri aphunzira sayansi pa bolodi pokha, osagwirapo chipangizo. Akapeza mapointsi 20 m'moyo wotere, ndani anganene kuti nzeru zake zichepa kwa amene wapeza 14 ali ndi magetsi ndi mabuku? Pepala la mayeso lilemba nambala, koma sililemba ulendo umene nambalayo yayenda.

Komabe tisafulumire kunyoza mayeso. Ku America mayunivesite ambiri adaleka kufuna mayeso a SAT mu 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, koma MIT idawabwezera mu 2022, ndipo Harvard ndi Yale zidatsatira mu 2024. Chifukwa chimodzi chimene adapereka nchakuti popanda mayeso kudali kovuta kuzindikira mwana wanzeru wochokera ku sukulu yosauka. Kunonso, mayeso akachotsedwa, chotsala ndi kudziwana, ndipo mlimi wa ku Kamwendo alibe womudziwa m'maofesi. Nchifukwa chake kubedwa kwa mayeso a MSCE mu 2020, kumene kudachititsa kuti alembedwenso mu 2021, kudapweteka osauka koposa onse.

Maganizo athu ndi akuti mapointsi akhalebe muyeso woyamba, koma osankha aziwerenga pamodzi ndi dzina la sukulu, ndipo gawo lina la malo lisungidwire ana a sukulu zoyendera amene akwanitsa makirediti ofunika. Sukulu imene mwana adalembera mayeso ili kale m'mabuku a MANEB, ndipo singasinthidwe ndi kalata ya kwa mfumu.