Sola Yonyamula: Kusankha ndi Kuika Kwake

Lero tikambe za sola yaing'ono imene mungapite nayo ku msasa wa kumunda, ku dimba kapena pa siwa, kumene kulibe magetsi.

Poyamba werengani katundu wanu. Sola ya mawati 10 mpaka 20 ikwanira foni, wailesi ndi nyali imodzi. Koma kuno ku Thyolo mudziwa chiperoni cha mwezi wa June ndi July. Dzuwa likabisika m'nkhungu, sola ipereka mphamvu yochepa. Chifukwa chake gulani yokulirapo, pamodzi ndi batire losunga moto wa usiku. Wogulitsa aiyese pa dzuwa inu mukuona, ndipo akupatseni risiti. Zotchipa zimaononga ndalama za tiyi.

Poika, musaiwale kuti dziko lathu liri kumwera kwa Equator, motero nyengo yozizira dzuwa limayenda chakumpoto. Sola iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono kuti madzi a mvula atsetsereke. Italikire nthochi ndi mabulugama, pakuti mthunzi wa tsamba limodzi uchepetsa mphamvu ya sola yonse.

Batire la mavoti 12 lifuna kontrola pakati. Lumikizani batire ku kontrola poyamba, sola pambuyo pake, waya wofiira ku chizindikiro cha +. Musalimalize moto wonse. Likatero lifa msanga. Pukutani fumbi ndi nsalu yonyowa, ndipo madzulo lowetsani sola m'nyumba kuopa akuba.

Mafumu, fotokozerani anthu anu mau amenewa pa bwalo. Tsalani bwino.