Buledi Wogona ndi Dzira Limodzi

Aliyense amene anagwirapo choko m'sukulu za kuno ku Machinga aidziŵa nkhope ya mwana amene waloŵa m'kalasi m'mimba muli pululu. Ikamakwana 10 koloko maso ake amakhala pabolodi, koma mtima uli kumphika. M'sukulu zina za pulayimale bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ntchito yake m'Malaŵi muno m'chaka cha 2002, limaphika phala. Koma wa kusekondale yoyendera, amene wapalasa njinga kuchokera kutali, phala limenelo salilaŵa. Chifukwa cha iyeyu ndati lero tikambe za kadzutsa amene Angerezi amamutcha French toast.

Dzinalo lisatiopse. Afalansa eniake amati pain perdu, kutanthauza buledi wotayika, pakuti amaphika ndi buledi wogona amene akanatayidwa. Ndi nzeru yomwe ija ya amayi athu, amene sataya mkute koma amauotcha pamoto m'maŵa.

Swani mazira aŵiri m'mbale yakuya, thiranimo theka la kapu ya mkaka ndi kamchere pang'ono, ndipo mutakase ndi foloko. Mkaka waufa wosungunula kapena wa mbuzi woŵiritsa ungagwirenso ntchito. Tsono viikani zidutswa zinayi za buledi, mbali iyi ndi iyo. Wogona ndiye wabwino, chifukwa amamwa bwino osaphwasuka. Wophikidwa lero amasanduka phala m'manja. Ikani chiwaya pambaula ndi mafuta supuni imodzi, ndi kukazinga mphindi ziŵiri kapena zitatu mbali iliyonse mpaka afiirire. Pamene ambiri amalakwa ndi pamoto. Makala olilima amapsereza kunja pamene m'kati dzira likadali laliŵisi, ndipo dzira losapsa lingathe kutsegula m'mimba.

Ine ndimaonjezamo masupuni aŵiri a nsinjiro mazira asanatakasidwe. Zimenezi m'maphikidwe a ku Ulaya mulibe, koma mtedza tili nawo m'nkhokwe, ndipo fungo lake likamatuluka ngakhale anansi amasuzumira. Nsinjiro zimapserera msanga, choncho moto muuchepetsenso.

Tiyeni tiŵerengere zomanga thupi. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, ndiye aŵiri ndi 12. Theka la kapu ya mkaka lipatsa 4, nsinjiro zija 4, buledi yemweyo pafupifupi 10. Zonse pamodzi ndi magalamu ngati 30, ndipo ana aŵiri akagaŵana aliyense alandira 15. Yerekezani ndi chinangwa chophika cha magalamu 100, chimene zomanga thupi zake sizifika ndi magalamu 2 omwe. Chinangwa sindikuchinyoza ayi. Chinatilera ndipo chimapatsa mphamvu. Koma thupi la mwana wa zaka 15 likumangidwa, ndipo chinangwa ndi tiyi paokha sizingalimange.

Wina adzati, "Aphunzitsi, mukunena za mumzinda. Kwathu dzira timagulitsa kuti tigule mchere." Mawu ameneŵa ndi oona, ndipo buledinso ndi wogula. Sindikunena kuti mudye chotere tsiku ndi tsiku. Koma m'masabata a mayeso, mazira aŵiri asapite kumsika. Buledi akasoŵa, dulani mbatata yophika yadzulo, muiviike m'mazira momwemo ndi kukazinga. Chimene sindigwirizana nacho ndi chikhulupiriro chakale chakuti mwana akadya mazira adwala khunyu. Dzira lilibe mlandu umenewo. Ambiri amene ankanena zimenezi mazirawo ankadya okha.

Kwa inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mukudikira ntchito: pa Liwonde, pa Ntaja ndi pamalo okwerera basi ku Balaka, mandasi ndi zitumbuwa ali mbwee, onse ofanana. Buledi wokazinga ndi dzira mungathe kumuyesa pambali pa tiyi. Koma mbaula ikhale pomwepo, muzikazinga wogula akuona, chifukwa akazizira amalimba ndipo mafuta amamveka pakamwa.