Nyali ya ABS Ikakana Kuzima

Nyali yachikasu yolembedwa ABS ikakana kuzima injini italira, mwini galimoto asataye mtima, pakuti mabuleki wamba akugwirabe ntchito. Chimene chagona ndi chipangizo chija chimene kampani ya Bosch inayamba kuika m'magalimoto a Mercedes-Benz mu 1978, choletsa mawilo kumangika ndi kutsetsereka pamsewu woterera.

Kawirikawiri mlandu umakhala pa kasensa koyeza liwiro la wilo, kamene kamawerenga mano a mphete yachitsulo yozungulira pamodzi ndi wilolo. Ndipo matope, dzimbiri kapena tizidutswa tachitsulo zikamatirira pamenepo, ngakhale waya wake ukaduka ndi mabampu, kompyuta ya galimoto imasowa uthenga, nileka ntchito yonseyo. Makaniko wanzeru, podziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, amayamba wayang'ana fyuzi, batire ndi mafuta a mabuleki, kenaka nalumikiza makina owerengera zolakwika kunsi kwa chiwongolero, amene amatchula wilo lovutalo. Kuthamangira kugula pampu yatsopano, yokwera mtengo chotere, kasensako kasanatsukidwe, ine ndimakuyesa kutaya chuma.

Koma ikayakanso nyali yofiira ya mabuleki, handibuleki ili yotsitsa, galimotoyo isayendetsedwe. Ikokedwe kufikira kugalaja.