Tingakhale Naye Bwanji Mnzathu Wolanda Nkhani?

Aliyense amene adaimapo pa Chimbiya, pamsewu waukulu wochokera ku Dedza kupita ku Lilongwe, akudziwa kuti amayi apamenepa sagulitsa mbatatesi zokha, amachezanso. Galimoto zikapita, ogula n'kuchepa, amakhala pansi pambali pa ndowa zawo nayamba kutulirana nkhawa: wina mwana wadwala, wina feteleza wam'kwerera mtengo, wina bambo akunyumba akuchedwa kumowa. Koma pagulu lotere sipalephera kupezeka mayi mmodzi wofuna kuti nkhani zonse zikhale zake.

Nonse mukum'dziwa. Mukati mutu ukukupwetekani, iye wake udam'pweteka sabata yathunthu. Mukati mwana wanu wasankhidwa kupita kusekondale, iye wayamba kale kusimba za mlongo wake wa ku Joni. Musanatsirize mawu, wakudulani pakamwa.

Ambiri timangoseka n'kunena kuti ndi chibadwa chake. Koma khalidweli limapweteka anthu. Mayi wina adapita kumsonkhano wa banki m'khonde ali ndi nkhawa, pakuti adaona chiwawu chitayamba m'munda wake wa mbatatesi, ndipo adafuna kubwereka ndalama yogulira mankhwala. Katatu konse adayamba kulankhula, katatu konsenso adadulidwa ndi mnzake amene ankasimba za ukwati wa mwana wake. Pokhala munthu wamanyazi, adabwerera osanena kanthu. Alimi akudziwa kuti kukazizira, mvula ili waa, chiwawu sichidikira munthu. Pofika msonkhano wotsatira, munda udali utapserera. Ndalama m'bokosi idalimo. Chimene mayiyu adasowa ndi mpata wolankhula.

Tisanaweruze, tifunse chimene chimam'chititsa. Ena ndi matama chabe. Koma ena kunyumba kwawo alibe wowamvera, choncho akapeza makutu amakhuthula zonse nthawi imodzi. Enanso sadziwa n'komwe kuti akutopetsa anzawo, chifukwa palibe adawauzapo.

Nanga tichitenji? Choyamba, pamsonkhano pakhale dongosolo. Pabwalo la mfumu, wodandaula akamalankhula woyankha amakhala chete kufikira nthawi yake itakwana. Magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, amene adayambira ku Niger mu 1991 mothandizidwa ndi bungwe la CARE, amalemba okha malamulo awo pamodzi ndi zindapusa. Ngati wochedwa amalipira, n'chifukwa chiyani wodula mnzake mawu asalipire? Wapampando aziitana aliyense ndi dzina, kuyambira ofatsa.

Chachiwiri, pamacheza wamba bwezerani mawu kwa mwini wake. Simufunika kukalipa. Nenani mwaulemu kuti, "Zikomo mayi, tamva. Koma paja anaPhiri sadatsirize. AnaPhiri, mumati mwana watani?" Amayi awiri kapena atatu akamachita chimodzimodzi, wolongolola uja amazindikira yekha.

Chachitatu, m'langizeni pambali. Kum'nena kumbali ndi miseche, ndipo kum'dzudzula pamsika ndi kum'chititsa manyazi. M'mapiri a Chongoni, kufupi ndi kwathu kuno, muli zithunzi zapamiyala zimene zidalowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi wa UNESCO mu 2006. Zina mwa izo adajambula ndi amayi a Chichewa pophunzitsa atsikana pachinamwali. Makolo athu adasankha mapanga obisika chifukwa adadziwa kuti mwambo umalowa bwino popanda maso a anthu. Inunso m'pezeni ali yekha, kapena tumani mayi wachikulire amene iye amam'lemekeza. Yambani ndi kum'yamikira pa zabwino zake, kenaka muuzeni kuti anzake nawonso ali ndi zakukhosi.

Nanga ngati wolanda nkhaniyo ndi apongozi kapena alamu? Pamenepo ulemu usachoke. Mverani pang'ono, kenaka tsazikani bwino: "Pepani amayi, ndasiya mphika pamoto." Nkhani yofunika, monga ya matenda kapena ya ndalama, itchuleni poyambirira penipeni, mutangopatsana moni. Ndipo chinsinsi chanu musachisungitse kwa munthu amene pakamwa pake sipapuma.

Akakana kusintha mutayesa zonsezi, musadane naye. M'patseni moni, m'thandizeni pamaliro ndi pamatenda, koma zakumtima kwanu fotokozerani amene amamva. Akuluakulu adati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Potsiriza, amayi anzanga, aliyense adzifunse yekha. Pochoka kumsika kapena kuchigayo lero, mungatchule vuto limodzi limene mnzanu wakuuzani? Ngati mukukumbukira zanu zokha, mwina mayi amene takhala tikum'kambayu ndinu. Mawa mukakumana ndi mnzanu, m'funseni kuti, "Kunyumba kwacha bwanji?" ndipo dikirani mpaka atatsiriza kuyankha.